Kasemasema, Sowo ndi Makina a Kompyuta: Mbiri ya Umisiri wa Matabwa ku Chiradzulu

Boma la Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma aang'ono kwambiri m'Malawi, pakuti kukula kwake ndi masikweya kilomita 767 okha, komabe kalembera wa chaka cha 2018 anapezamo anthu oposa 350,000. Kuthithikana kumeneku, pamodzi ndi kuyandikana kwa bomali ndi Limbe ndi Blantyre, kwachititsa kuti mabanja ambiri asadalire khasu lokha koma afunenso luso lina la manja, ndipo mwa maluso amenewa ukalipentala ndi umene umaonekera msanga kwa aliyense wodutsa pa Njuli, pa Mbulumbuzi kapena pa Namadzi, pamene mabedi, zitseko ndi mafelemu a mawindo amaimikidwa m'mbali mwa msewu kudikira ogula. Mbiri ya ntchitoyi kawirikawiri imalongosoledwa potsata zida, kuyambira pa nkhwangwa mpaka pa makina a magetsi, koma pansi pa kusintha kwa zida pali nkhani ina yolemera koposa, yomwe ndi ya umwini wa chida ndi ya munthu amene amayankha mlandu wina akavulala nacho. Nkhani imeneyi yabweranso ndi mphamvu masiku ano, pamene makina osema matabwa motsogozedwa ndi kompyuta ayamba kuikidwa m'nyumba zogwiriramo ntchito zomwe anthu ambiri amagwiritsa ntchito mosinthana.

Azungu asanafike ku mapiri a Shire, Amang'anja amene ankakhala m'derali anali kale odziwa kusungunula ndi kusula chitsulo, monga David Livingstone anaonera pa maulendo ake a m'chaka cha 1859, ndipo osula ndiwo ankapangira osema nkhwangwa, mipeni ndi kasemasema, kankhwangwa kamene mpeni wake umakhala chopingasa pa mpini kuti kazitha kugoba ndi kusalaza. Ndi zida zochepazi mmisiri ankatulutsa mitondo, minsi, mipini, zipande ndi ng'oma kuchokera ku chipika chathunthu, popanda thabwa, msomali kapena guluu. Chofunika kuchizindikira pa nyengo imeneyi n'chakuti mphamvu yonse ya chida inali mphamvu ya dzanja la mwini wake, kotero kuti mkono ukatopa chidacho chinkaleka kudula, ndipo bala limene kasemasema wotsetsereka ankasiya pa phazi kapena pa msongolo linali la munthu yemweyo amene anamugwira. Wophunzira, amene nthawi zambiri anali mwana wa m'banjamo, ankayamba ndi kuonerera, kunola ndi kunyamula, ndipo chida chakuthwa ankachigwira mmisiri wamkulu ali pomwepo, moti kuphunzitsa ndi kuteteza sizinali ntchito ziwiri zosiyana.

Thabwa locheka ndi sowo linabwera ndi amishoni. M'mwezi wa July 1861 gulu la Universities' Mission, lotsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, linamanga pa Magomero m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, ndipo m'gululo munali kalipentala wotchedwa Gamble. Koma nkhondo, njala ndi imfa ya Mackenzie m'mwezi wa January 1862 zinabalalitsa ntchitoyo isanaphunzitse aliyense mokhazikika. Maphunziro enieni anayambira ku mishoni ya Blantyre, imene mpingo wa Church of Scotland unakhazikitsa mu 1876, kumene amisiri achikuda anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi kumene sukulu ya Henry Henderson Institute inatsegulidwa mu 1909. Matabwa a nthawi imeneyo ankachekedwa pa dzenje: chipika chinkagonekedwa pa mitanda, n'kulembedwa mizere ndi chingwe choviika m'makala, ndipo munthu mmodzi ankaima pamwamba kukoka sowo wautali pamene mnzake anali pansi kumubweza, utuchi ukumugwera m'maso ndi m'tsitsi tsiku lonse. Wam'dzenjeyo moyo wake unali m'manja mwa amene anayala mitanda ndi kutsekera chipika kuti chisagubuduke, ndipo apa ndi pamene, mwina koyamba m'ntchito ya mitengo, ngozi inayamba kugwera munthu wina chifukwa cha ulesi wa mnzake.

Shedi ya ku mishoni ndi ya ku esiteti inali malo oyamba pamene anthu ambiri ankagwira ntchito ndi zida zimene sizinali zawo. Sowo, puleni, tchizulo ndi hamala zinali katundu wa mzungu, ndipo dongosolo lotere linateteza zida kwambiri kuposa mmene linatetezera anthu. M'minda ikuluikulu monga ya A. L. Bruce Estates ku Magomero, kumene Alomwe ochokera ku Mozambique ankagwira thangata, ndiko kuti ntchito yolipirira malo amene munthu wakhalapo, mmisiri wachikuda ankafunika chifukwa anali wotsika mtengo, osati kuti tsiku lina adzakhale ndi shedi yakeyake.

Pa chifukwa chimenechi, zimene John Chilembwe anayamba pa Mbombwe mu 1900 ziyenera kuwerengedwa ngati gawo la mbiri ya umisiri, osati la ndale ndi chipembedzo zokha. Chilembwe, amene anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, anabwerera ndi thandizo la mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, natcha mishoni yake Providence Industrial Mission (PIM), dzina losonyeza kuti mapemphero ndi maphunziro a m'kalasi aziyendera limodzi ndi ntchito za manja. Maganizo oterewa anali otchuka pakati pa anthu akuda a ku America chifukwa cha Booker T. Washington ndi sukulu yake ya Tuskegee, ndipo amishoni awiri akuda ochokera kumeneko, Landon Cheek ndi Emma Delaney, anadzathandiza pa Mbombwe m'zaka zoyambirira. Kusiyana kwake ndi mamishoni ena kunali pa umwini, pakuti njerwa zinkaumbidwa, madenga ankakhomedwa ndipo zovala zinkasokedwa pa malo a munthu wakuda, moyang'aniridwa ndi munthu wakuda, ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chinatha mu 1913 chinali umboni wooneka ndi maso wakuti luso limeneli silinkasowa kapitawo wachizungu. Boma la atsamunda linamvetsa bwino tanthauzo la nyumbayo, moti kuwukira kumene Chilembwe anatsogolera pa 23 January 1915 kutalephereka, asilikali anaiphulitsa ndi zida zophwanyira miyala. Mishoniyo inakhala yotseka mpaka 1926, pamene Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso, ndipo tchalitchi chimene chikuoneka lero pa PIM chinamangidwa mu utsogoleri wake.

M'zaka zotsatira ukalipentala unatuluka m'mipanda ya mishoni n'kulowa m'midzi. Amuna amene anagwirapo ntchito ku njanji ku Limbe, kapena amene anapita ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg, ena mwa iwo ankabwerera ndi bokosi la zida, n'kukhoma benchi pansi pa mtengo wa mango, ndipo umwini wa chida unabwereranso m'dzanja la wochigwira. Chimene chinasintha kwambiri m'nyengoyi ndi mtengo weniweniwo. Mbawa, mlombwa ndi mkungudza wa ku Mulanje, zimene amisiri akale ankazinyadira chifukwa cha kulimba ndi kukongola kwake, zinayamba kusowa, ndipo m'malo mwake munalowa paini wa ku Zomba ndi ku Chikangawa, bulugama, malaina, ngakhale mango amene. M'zaka za m'ma 1990 mliri wa Edzi unasandutsa mabokosi a maliro kukhala malonda odalirika a mashedi ambiri, chinthu chimene amisiri eni ake sachikumbukira mokondwa, ndipo ntchito imeneyi inayamba kuchepa pamene mankhwala otalikitsa moyo anafalikira. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma amene anayambirira kuwalandira, kudzera m'bungwe la Médecins Sans Frontières mu 2001.

Magetsi atafika m'misika ya m'mbali mwa misewu, panabadwa mtundu wina wa shedi umene uyenera kuonetsetsedwa bwino, chifukwa ndiwo kholo lenileni la malo ogwiriramo ntchito pamodzi a masiku ano. Popeza kalipentala wamba sangakwanitse kugula makina opalira ndi ochekera matabwa, munthu mmodzi wa ndalama amawagula, ndipo amisiri a m'deralo amabweretsa matabwa awo pa njinga kapena pa wilibala n'kulipira pa thabwa lililonse, monga mmene amayi amaperekera chimanga ku chigayo. Pa malo otere nthawi zambiri chotchinga cha mpeni chimakhala chitachotsedwa kuti ntchito ifulumire, mawaya amakhala olumikiza pamanja, ndipo mwini thabwa, pofuna kuti lake lituluke msanga, amathandizira kukankha ndi manja ake ngakhale sanaphunzire makinawo. Makina opalira sadziwa kusiyanitsa thabwa ndi chala, ndipo mphamvu yake, mosiyana ndi ya kasemasema, siichepa munthu akatopa. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la mu 1997 limafuna kuti malo a ntchito alembetsedwe, mbali zoopsa za makina zitchingidwe ndipo ngozi zinenedwe ku boma, koma linalembedwa poganizira fakitale yokhala ndi bwana ndi antchito odziwika, pamene shedi ya pamsika ilibe kaundula wa amene alowamo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito za manja, ndi sukulu monga ya DAPP ku Mikolongwe ndi ya Aida Chilembwe Community Technical College, zimafikira achinyamata ena, koma ochuluka amaphunzirabe poyamba ndi ganyu yokwecha matabwa ndi sandipepa pa shedi ya amalume awo.

Makina oyendetsedwa ndi kompyuta anachokera kutali ndi matabwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John Parsons wa ku Michigan, amene ankapanga mapiko a ndege za helikopita, anaganiza zotsogolera makina odula chitsulo ndi manambala m'malo mwa dzanja la mmisiri, ndipo mu 1952 akatswiri a ku Massachusetts Institute of Technology anaonetsa makina oyamba otere, amene ankawerenga malangizo pa tepi yoboola timabowo. Makompyuta atatsika mtengo njirayi inafika ku matabwa, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makampani monga ShopBot a ku North Carolina anayamba kugulitsa makina amene shedi yaing'ono ingawakwanitse. Makina amenewa, amene amisiri amawatchula kuti CNC router, ndi tebulo lalikulu, nthawi zambiri lokwana bolodi lathunthu la mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi, limene pamwamba pake pamayenda mtanda wachitsulo wonyamula injini yozungulira. Kunsonga kwa injiniyo kumamangidwa kampeni kooneka ngati choboolera, kamene kamazungulira maulendo 18,000 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ndipo kamayenda mbali zitatu: m'litali, m'lifupi, ndi chokwera kapena chotsika. Mmisiri amajambula chinthucho pa kompyuta, pulogalamu ina n'kusandutsa chojambulacho kukhala mndandanda wa malamulo otchedwa G-code, amene amauza makinawo pamene apite, kuya kumene adule ndi liwiro limene ayendere.

Popeza makina otere ndi okwera mtengo, afalikira kwambiri kudzera m'malo amene anthu osiyanasiyana amagwiritsa ntchito zida mogawana. Ganizoli linatchuka ndi ma Fab Lab amene Neil Gershenfeld wa ku Massachusetts Institute of Technology anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo imodzi mwa oyambirira kunja kwa America inatsegulidwa ku Takoradi m'dziko la Ghana mu 2004. Kuno kwathu chitsanzo chapafupi ndi Chiradzulu chili ku Blantyre, kumene sukulu ya Polytechnic, imene tsopano ndi Malawi University of Business and Applied Sciences, inatsegula chipinda chopangiramo zipangizo zatsopano mogwirizana ndi Rice University ya ku Texas, kuti ophunzira azipanga okha zida monga za m'chipatala. Mnyamata wa ku Namitambo kapena ku Thumbwe angakumane ndi makina a kompyuta m'malo a maphunziro otere, kapena m'mafakitale a mipando ndi zikwangwani ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito.

Poyang'ana koyamba makinawa amaoneka otetezeka kuposa onse amene anawatsogolera, chifukwa dzanja silifika pafupi ndi mpeni, ndipo m'menemo ndi mmene muli msampha wake. Munthu amene sakugwira kanthu amayesedwa kuti atuluke kukayankha foni kapena kukagula chiwaya ntchito ya maola awiri ikuyenda yokha, pamene ngozi yaikulu ya makinawa ndi moto, umene umayamba mwakachetechete. Kampeni kakuthwa, koyenda pa liwiro loyenera, kamatulutsa tizipalapala timene timanyamula kutentha n'kuchoka nako. Koma kakabuntha, kapena kakamazungulira kwambiri koma kakuyenda pang'onopang'ono, kamaleka kudula n'kuyamba kukhuza, tizipalapala timasanduka fumbi losalala, m'mphepete mwa mzere mumada, ndipo khala laling'ono limatha kugwira m'thabwa la pansi kapena kukokedwa ndi paipi yoyamwa utuchi mpaka m'thumba lodzaza fumbi louma. Wodziwa makinawa amazindikira zimenezi ndi khutu ndi mphuno asanaone utsi, pakuti kulira kwa kampeni kumasintha ndipo fungo la thabwa lopserera limamveka msanga. N'chifukwa chake lamulo loyamba pafupifupi m'malo onse otere n'lakuti woyendetsa asachoke pamene angafikire batani lofiira lozimitsira mwadzidzidzi, ndiponso kuti chozimitsira moto chikhale pafupi, osati chokhomeredwa mu ofesi ya mkulu.

Ngozi yachiwiri imachokera pa kamangidwe ka thabwa ndi pa manambala olakwika. Thabwa limene silinapanikizidwe bwino ndi zomangira kapena masikuluwu limatha kusuntha, ndipo kachidutswa kamene kadulidwa mbali zonse kamagwidwa ndi kampeni n'kuponyedwa ndi mphamvu yoboola diso. Pa chifukwa ichi wojambula amasiya timilatho tating'ono tolumikiza chidutswa ndi bolodi, timene amadzadula ndi tchizulo ntchito ikatha. Makinawo sadziwa pamene thabwa layambira pokhapokha atauzidwa, ndipo kulakwitsa kwa mamilimita ochepa poika poyambira kumachititsa kampeni kulowa m'tebulo kapena kugunda chomangira chachitsulo. Kampeniko kamapangidwa ndi carbide, chitsulo cholimba kwambiri koma chosachedwa kuthyoka, chimene chimaphulika m'tizidutswa m'malo mopindika. Choncho mmisiri wosamala amayamba wayendetsa pulogalamu yonse m'mwamba, kampeni kasanakhudze thabwa, kuti aone njira yake. Amavala magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu, popeza phokoso lopitirira madesibelo 85 kwa tsiku lathunthu limagonthetsa pang'onopang'ono. Ndipo savala magolovesi, malaya olendewera kapena mpango, chifukwa chozungulira chikagwira nsalu chimakoka ndi dzanja lomwe. Fumbi nalo si lopepuka monga amisiri ambiri amaganizira, pakuti bungwe la International Agency for Research on Cancer linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1995, makamaka ya m'mphuno, ndipo mabolodi a MDF, amene ndi utuchi wosalala woumbidwa ndi guluu, amatulutsa fumbi lochuluka ndi losalala koposa thabwa wamba.

Malangizo onsewa analembedwa m'maiko amene magetsi sazima kawirikawiri ndipo thabwa limagulidwa louma ndi loyezedwa, kotero kuti akafika kuno amafuna kuwonjezeredwa. Magetsi a dziko lino amadalira kwambiri mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira m'mwezi wa January 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima pakati pa ntchito, kampeni kamaima kali m'thabwa ndipo makina amaiwala pamene anali. Choopsa n'chakuti akabwera mwadzidzidzi, injini imene ilibe switchi yodzitsekera yokha ingayambe kuzungulira munthu atapisa dzanja kuti amasule kampeniko. Kuzimitsa pa khoma musanasinthe kampeni, kumene kwina kumaoneka ngati mwambo chabe, kuno n'kumene kumasunga zala. Thabwa la pamsika nthawi zambiri limakhala laliwisi, lopindika ndi losafanana kuchindikala, ndipo lophwasula pa denga lakale limabisa misomali imene diso silingaione. Timipeni timagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene zimasowa, choncho chiyeso chogwiritsa ntchito kobuntha mpaka katathyoka n'chachikulu, ndipo umphawi woterewu, umene munthu sangaudzudzule mopepuka, ndiwo umabweretsa moto uja.

Zonsezi zimakula pamene makina ali a gulu. Amene anagwira dzulo angasiye kampeni kong'aluka, chomangira chosamangitsa kapena manambala ake m'kompyuta, ndipo wobwera lero amatenga zolakwa zimene sanazione zikuchitika, monga zinkachitikira wam'dzenje la macheka. Malo oyendetsedwa bwino amathana ndi vutoli mwa njira zimene mmisiri wakale akadazizindikira: palibe amaloledwa kuyatsa makina asanaphunzitsidwe ndi kuyesedwa pamaso pa woyang'anira, watsopano amagwira ntchito zake zoyamba wodziwa ali pambali pake, aliyense amalemba m'buku dzina lake, nthawi ndi chilichonse chimene chavuta, ndipo makina owonongeka amapachikidwa chizindikiro n'kukhomedwa mpaka atakonzedwa. Buku limeneli limagwira ntchito pokhapokha ngati wothyola kampeni saopa kulemba kuti wathyola, chinthu chimene chimavuta pamene mtengo wa kampeni kamodzi ungapose zimene wophunzira amapeza pa masiku angapo a ganyu. Malo amene amalipiritsa chilichonse chothyoka amangophunzitsa anthu kubisa. Lamulo la chipukuta misozi la Workers' Compensation Act la mu 2000 limakamba za wolemba ntchito ndi wolembedwa, koma wophunzira, kapena kalipentala amene walipira ola limodzi pa makina a gulu, sanalembedwe ntchito ndi mwini malowo, ndipo bungwe lililonse limene lingaike makina otere pa Mbombwe, pa Nguludi kapena pa boma liyenera kulemba m'malamulo ake, makinawo asanayatsidwe, amene azisunga kiyi, amene azigula timipeni tatsopano, ndi amene adzalipire kuchipatala munthu akavulala.